Ciswe cisadye mbiri ya mabanja athu

Munthu akamwalira nasiya cuma, abale amapita kukhoti kukasankhitsa woyang'anira cuma ca masiye. Nthawi zambiri pamapepala amenewa pamalembedwa dzina la malemu, mudzi wake, mkazi kapena mwamuna wake, ana, makolo ndi katundu amene wasiya. Mapepalawa ali m'mafaelo ku Local Court ndi ku High Court, ndipo zolembedwa zakale za boma zimasungidwa ku National Archives ku Lusaka. Ife tikuti nthawi yakwana yakuti mapepalawa ajambulidwe, asungidwe m'makompyuta, ndiponso pakhale mndandanda wa maina wosavuta kufufuza.

Cifukwa coyamba ndi cilungamo. Lamulo la 1989 la Intestate Succession Act linagawa cuma ca munthu womwalira wopanda wilo motere: pa 100 iliyonse, 50 ndi ya ana, 20 ya mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 ya makolo ndipo 10 ya ena amene malemu anali kusunga. Koma mkangano ukabuka patapita zaka 20, ndani adzatsimikiza kuti uyu ndi mwana wa malemu, kapena kuti ng'ombe zinali 12? Pepala likadyedwa ndi ciswe kapena kunyowa ndi mvula, amene amapambana ndi wa pakamwa pakuthwa, ndipo mkazi wamasiye amabwerera kwao manja ali m'khosi.

Cifukwa caciwiri ndi mbiri. Kale agogo ndiwo anali kusunga m'mutu maina a mbumba yonse. Lero agogowo akutha, adzukulu anabadwira ku Lusaka ndi ku migodi, ena sadziwa ngakhale mudzi wa amai ao. Faelo imodzi ya cuma ca masiye ingawaonetse mibadwo itatu pamodzi.

Nchito yotere si yacilendo kuno. Mu 2007 mapepala a cipani ca UNIP anajambulidwa ndi thandizo la British Library. Ngati zinatheka pa mapepala a andale, zingathekenso pa mapepala a alimi ndi a nchito wamba.

Koma kujambula kokha sikukwanira. Zithunzi zikwizikwi zopanda mndandanda zili ngati cimanga cosakanizika ndi mcenga. Olemba mndandanda akhale anthu odziwa zilankhulo zathu. Munthu mmodzi anali ndi dzina la kumudzi, dzina la ubatizo ndi lina la kunchito. A Phiri ndi a Banda ndi ambirimbiri, motero pafunika kulembanso mudzi, mfumu ndi caka. Maina a malo nawo anasintha: Fort Jameson ndiye Chipata, Broken Hill ndiye Kabwe. Wosadziwa izi adzataya banja lonse m'kompyuta momwemo.

Ena akuopa kuti zinsinsi za mabanja zidzaululika, ndi kuti akuba adzapezerapo mpata. Mantha amenewa ndi omveka. Lamulo la Data Protection Act la 2021 litsatidwe: mafaelo akale kwambiri atsegulidwe kwa onse, koma a posacedwapa aonedwe ndi abale ndi akhoti okha. Tikumbukirenso kuti lamulo la 1989 silikhudza minda ya m'malo a mafumu. Kompyuta siidzalowa m'malo mwa anyakwawa ndi ankhoswe.

Ife Akristu tili ndi mbali yathu. Malamulo a Mpingo, pa nambala 535, amalamula parishi iliyonse kukhala ndi mabuku a ubatizo, a ukwati ndi a omwalira, ndi kusamala mabuku akale. Mabukuwa amathandiza pomwe pepala la khoti lasowa. Makhonsolo a maparishi aone ngati denga la cipinda cosungiramo mabuku silidontha, ndipo akambirane ndi abambo mfumu ndi akuluakulu a dayosizi za kuwajambula.

Inunso pakhomo, lembani wilo mukali moyo, pamaso pa mboni ziwiri. Kalata ya khoti, ya ukwati ndi makhadi a ubatizo muziike m'pulasitiki, kutali ndi mbewa ndi utsi. Khalani pansi ndi agogo amene alipo, muwafunse maina, mulembe m'buku.

Kwa akuluakulu a makhoti ndi aphungu athu tikuti: ikani ndalama ya nchitoyi m'bajeti, ndipo muyambe ndi mafaelo amene ayamba kale kung'ambika. Ciswe siciyembekeza msonkhano wa komiti.