Masiku 60 a Mayi Wopeza Chotupa M'bere

Mwezi wa Okutobala ukafika, mizinda ya m'chigawo chino imavala pinki. Ku Johannesburg, ku Lusaka, ku Harare ngakhalenso ku Lilongwe, anthu amayenda ndawala atamata timaliboni pachifuwa, makampani amapereka macheke pamaso pa atolankhani, ndipo uthenga umakhala umodzi: amayi apite akayezetse khansa ya m'mawere. Uthengawo ndi wabwino, palibe angautsutse. Koma pali funso limene silimveka kawirikawiri pa zochitika zoterezi. Mayi akamvera, napita kuchipatala, n'kupezeka ndi chotupa, chimatsatira n'chiyani?

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO likuti m'chaka cha 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mawere, ndipo 670,000 anamwalira nayo. M'maiko olemera, amayi oposa 90 pa 100 alionse amakhala akadali moyo patatha zaka zisanu chiwapezereni ndi matendawa. Kuno nkhani ndi ina. Kafukufuku wa ABC-DO, yemwe anatsatira odwala a ku Namibia, Nigeria, South Africa, Uganda ndi Zambia, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2020, anapeza kuti theka la amayiwo linali litamwalira pomwe zimakwana zaka zitatu. Ku Namibia, amayi achizungu 90 pa 100 alionse anali akadali moyo, pamene mwa amayi achikuda anali 56 okha. Dziko limodzi, nthenda imodzi. Chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu za kusiyanaku chinali nthawi: ambiri amafika kwa dokotala khansa itakula kale.

Anthu ambiri akamva zimenezi amathamangira kunena kuti boma ligule makina a mammography. Makinawa amajambula bere pogwiritsa ntchito X-ray ya mphamvu yochepa. Bere limapanikizidwa pakati pa timatabwa tiwiri kwa kamphindi, ndipo chithunzi chake chimatha kuonetsa khansa ikadali yaing'ono kwambiri moti ngakhale dzanja la dokotala silingaimve. M'maiko ambiri a ku Ulaya, amayi a zaka 50 mpaka 69 amaitanidwa kukajambulidwa zaka ziwiri zilizonse ngakhale asakumva kudwala kulikonse, ndipo njirayi yapulumutsa miyoyo.

Komabe mu 2014 WHO inalangiza kuti maiko amene ntchito zawo zaumoyo sizinalimbe asayambe ndi kujambula amayi onse. Ena angaone ngati uku n'kuwapeputsa amayi a mu Africa, koma zifukwa zake n'zomveka. Makinawa amafuna magetsi osazimazima, amisiri owakonza, ndiponso madokotala odziwa kuwerenga zithunzi, omwe m'chigawo chino ndi ochepa ndipo ambiri ali m'mizinda ikuluikulu. Chinanso n'chakuti odwala ambiri a kuno ndi a zaka za m'ma 40, ena osafika n'komwe, ndipo mnofu wa bere la mayi wa msinkhu umenewu umakhala wothinana. Pa chithunzi umaoneka woyera monga momwe chotupa chimaonekera, mwakuti khansa imatha kubisala. Koma chifukwa chachikulu n'chakuti makinawa anapangidwa kuti azisaka khansa yobisika, pamene amayi ochuluka a kuno amafika ndi chotupa chimene anachimva okha posamba miyezi yambiri yapitayo. Sichinabisale. Chinasowa wochitengera mtima.

Manja ophunzitsidwa bwino angathe kuchita zambiri. Mumzinda wa Mumbai ku India, akatswiri a chipatala cha Tata Memorial anatsatira amayi oposa 150,000 kwa zaka 20. Theka la iwo ankapimidwa mawere ndi manja zaka ziwiri zilizonse ndi amayi anzawo amene anangophunzitsidwa ntchitoyi. Zotsatira zake, zomwe zinasindikizidwa mu 2021, zinaonetsa kuti khansa inkapezeka msanga, ndipo pakati pa amayi a zaka 50 kupita m'tsogolo imfa zinachepa ndi pafupifupi 30 pa 100. Ku Lilongwe nakonso, ofufuza anaphunzitsa amayi wamba kupima mawere m'zipatala za mumzindawo, ndipo mu 2016 anafotokoza kuti amayi 1,000 anavomera kupimidwa. Zimene amayi wambawo ankapeza zinkagwirizana kwambiri ndi zimene madokotala ankapeza.

Koma m'kafukufuku wa ku Lilongweyo muli mfundo ina imene iyenera kusowetsa tulo aliyense wokonza ndondomeko zaumoyo. Mwa amayi amene anawapeza ndi chokayikitsa n'kuwauza kuti akaonane ndi dokotala, pafupifupi theka sanapite. Awa anali amayi a m'tauni, chipatala chachikulu chili pafupi. Nanga mayi wa ku Nsanje, wa ku Lundazi kapena wa ku Angónia?

Ulendo wake ngodziwika kwa aliyense amene anadwazikapo. Chotupa cha khansa nthawi zambiri sichipweteka poyamba, choncho mayi amayamba wathana ndi za kumunda ndi fizi ya ana. Akafika pachipatala chaching'ono, mwina amapatsidwa mankhwala opha ululu n'kuuzidwa kuti abwerenso chikapanda kusintha. Akabwerera amalandira kalata yopita nayo kuchipatala cha boma la kwawo, ndipo kumeneko amamutumizanso kuchipatala chachikulu. Ulendo uliwonse umafuna ndalama ya minibasi, womusiyira ana, ndipo nthawi zina chilolezo cha bambo a kunyumba. Pakati pa maulendowa pamalowa mantha. Iye anamvapo kuti kuchipatala amadula bere, anamvanso kuti mnzake wina atamuchita opaleshoni sanakhalitse. Palibe anamuuza kuti mnzakeyo anafika mochedwa. Sing'anga ali pafupi, amalandira nkhuku m'malo mwa ndalama, ndipo samuuza kuti abwere Lachinayi la mwezi wamawa. Amene amanyoza mayiyu kuti ndi mbuli sanawerengetsere mtengo wa ulendo wake.

Chimene mayi wotere akufunika si chozizwitsa. Choyamba ndi sikani ya ultrasound, makina a mtundu womwe uja amaunikira amayi oyembekezera, bola akhale ndi chipangizo choyenera bere komanso munthu wophunzitsidwa. Sikaniyi imasiyanitsa chotupa cha madzi ndi cholimba, ndipo imaona bwino m'bere la mayi wachitsikana. Zotupa zambiri za m'mawere si khansa, ndipo mayi akamva zimenezi tsiku lomwelo amabwerera kwawo mtima uli m'malo. Chotupa chikakhala chokayikitsa, dokotala amatengako kachidutswa ndi singano n'kukatumiza kulabotale. Palibe chithunzi, ngakhale cha makina odula chotani, chimene chimatsimikiza khansa. Amatsimikiza ndi katswiri woyang'ana kachidutswako pa maikulosikopu. Mammography nayo ili ndi malo ake apa, pothandiza kuunika mayi amene ali kale ndi chizindikiro, ndipo m'zipatala zikuluzikulu siyenera kusowa.

Mbali ya labotaleyi ndi imene imaiwalika. Chipatala cha Kamuzu Central chinatsegula labotale yake yoyeza tizidutswa totere mu 2011, mogwirizana ndi yunivesite ya North Carolina ya ku America. Ku Zambia, chipatala cha Cancer Diseases Hospital chinatsegulidwa ku Lusaka mu 2007. Izi ndi ntchito zotamandika, koma kachidutswa kochokera kuchipatala chakumudzi kayenera kuikidwa m'mankhwala osungira, kulembedwa dzina molondola, kupeza galimoto, ndipo zotsatira zake ziyenera kubwerera kukamupeza mwiniwake. Abwenzi othandiza pa chitukuko amakonda makina chifukwa makina amadulidwira riboni n'kujambulidwa. Botolo la mankhwala osungira kachidutswa, mafuta a njinga yamoto ndi mayunitsi a foni a namwino woitana odwala sizioneka bwino pa chikuto cha lipoti la pachaka.

Mu 2021 WHO inakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Global Breast Cancer Initiative. Imafuna kuti odwala 60 pa 100 alionse azipezeka khansa isanakule, ndiponso kuti 80 pa 100 azimaliza chithandizo chawo. Koma pakati pa ziwirizi pali muyeso umene ngakhale mfumu ya m'mudzi ingathe kuutsata: kuyambira tsiku limene mayi wafika koyamba kuchipatala ndi chizindikiro, kupimidwa, kujambulidwa ndi kuyezedwa kwa kachidutswa zonse zithe pasanapite masiku 60.

Muyeso umenewu sufuna kompyuta kuti uyambe kugwira ntchito. Ku Malawi mayi amayenda ndi kabuku kake ka kuchipatala, ndipo anamwino amene amayeza khansa ya khomo la chiberekero amakumana ndi amayi ambirimbiri sabata iliyonse. Namwino atapima mawere pa ulendo womwewo, n'kulemba tsikulo m'kabukumo ndi m'kaundula wa chipatala pamodzi ndi nambala ya foni, komiti ya zaumoyo ya m'deralo ingathe kumafunsa pakutha pa mwezi uliwonse kuti mwa amayi amene anatumizidwa, ndi angati alandira yankho, ndipo otsalawo ali kuti.