Wotchi yakutha ya madola 17 miliyoni: agula chiyani?

Pa 26 October 2017, mumzinda wa New York ku America, mpondamatiki zidalimbirana wotchi imodzi yapamkono kwa mphindi 12. Yemwe adapambana pa okishoni ya kampani ya Phillips, ndipo ankalankhula pafoni osaonetsa nkhope, adalipira madola a ku America 17.75 miliyoni.

Wotchiyo si yagolide, ilibe ngakhale kadayamondi. Ndi Rolex Daytona yachitsulo ya m'zaka za m'ma 1960, yochita kupukusa ndi zala kuti iyende. Pakasungidwe ka nthawi, kawotchi ka batire kogula pabenchi mumsika kakhoza kuigonjetsa: wotchi yabwino ya sipuling'i imatha kutsala kapena kutsogola ndi masekondi angapo pa tsiku, pomwe ya batire imalakwitsa pafupifupi masekondi 15 pa mwezi wathunthu.

Ndiye wogulayo adagula chiyani? Adagula nkhani. Wotchiyo idali ya katswiri wa mafilimu Paul Newman, yemwe ankakondanso mipikisano ya liwiro la galimoto. Adamugulira ndi mkazi wake Joanne Woodward, ndipo kumbuyo kwake adalembetsako mawu omukumbutsa kuti aziyendetsa mosamala. Mu 1984 Newman adafunsa nthawi mnyamata yemwe adali pachibwenzi ndi mwana wake wamkazi Nell. Mnyamatayo adati alibe wotchi, basi mkuluyo adavula yake n'kumupatsa. Ndi mnyamata yemweyu, atakula, amene adakaigulitsa patatha zaka 33.

Chodabwitsa n'chakuti mtundu umenewu wa Daytona udali wosayenda malonda pomwe unkatuluka. Anthu sankaikonda nkhope yake, choncho adapanga ochepa. Kukanidwa kwa dzanako ndiko kwaupangitsa kukhala wosowa lero.

Kuti mawotchi a sipuling'i asanduke chuma chosunga, adayamba atsala pang'ono kufa. Pa 25 December 1969 kampani ya Seiko ya ku Japan idatulutsa Astron, wotchi yapamkono yoyamba ya quartz kugulitsidwa m'sitolo. Mitengo ya mawotchi a batire itatsika, mafakitale a ku Switzerland adagwa motsatizana. Antchito a mawotchi kumeneko adali pafupifupi 90,000 mu 1970, koma pofika m'ma 1980 adatsala pafupifupi 30,000. Otsalawo adasiya kupikisana pa kulondola kwa nthawi n'kuyamba kugulitsa luso la manja: tizitsulo tating'onoting'ono toposa 100 tolumikizana bwino, tokhoza kumasulidwa, kutsukidwa, kuthiridwa mafuta n'kuyendanso zaka zina makumi.

Apa okonda mawotchi akale sakulakwa. Foni ya lero ikatha zaka zisanu yasanduka chidole cha ana, koma wotchi ya 1955 ikhoza kuyendabe pamkono wa mdzukulu. Pali chifukwa chomveka chokondera chinthu chotere. Pomwe pavuta ndi pomwe chikondi chasanduka juga.

Msika umenewu uli ndi malamulo ozondoka. Wotchi yomwe yapalidwa kuti iwale ngati yanyuwani imatsika mtengo, chifukwa kupalako kumadya chitsulo ndi kufufutitsa ngodya zake. Nkhope yopentedwanso ndiye imapheratu malonda. Koma nkhope yakuda yomwe yasuluka ndi dzuwa n'kusanduka yofiirira, yomwe wina angati yawonongeka, ogula amaiphera makwacha. Bokosi lake loyamba ndi mapepala ogulira zikakhalapo, mtengo umakweranso.

Mtengo ukadalira nkhani, atsizinamtole sachedwa kupeka nkhaniyo. Mu November 2021, wotchi ya Omega Speedmaster ya 1957 ya nkhope yosuluka chomwechi idagulidwa ndalama za ku Switzerland zoposa 3.1 miliyoni pa okishoni ya ku Geneva. Wogula adali kampani ya Omega yeniyeniyo, pofuna kukaiika kunyumba yake yosungirako zakale. Mu 2023 kampaniyo idavomera kuti idayeretsedwa m'maso: wotchiyo idali yomatiza, zipangizo zake zidachokera m'mawotchi osiyanasiyana, ndipo idaloza chala anthu atatu omwe adali antchito ake. Ngati mwini fakitale adalephera kuzindikira mwana wake, munthu wogula pa chithunzi cha pa Facebook angalimbe bwanji?

Nkhaniyi ikufikanso m'makomo mwathu muno. M'masutikesi ndi m'madirowa a mabanja ambiri muli mawotchi omwe agogo adabwera nawo kuchokera ku Joni kapena ku Salisbury, ena adapatsidwa popuma ntchito. Chilungamo chake n'chakuti ambiri mwa iwo ndi mawotchi wamba, omwe sangagule ngakhale njinga. Dzina la Rolex pankhope palokha si umboni, poti achinyengo adadzaza misika kalekale. Banja lisayambe kugawana malata ndi ng'ombe m'maganizo.

Komabe pali zolakwa ziwiri zosabwezeka. Choyamba ndi kuthamangira kugulitsa kwa munthu yemwe wangoiona n'kunena kuti yafa koma akufuna “kungokuthandizani”. Wotchi ya sipuling'i ikaima kawirikawiri imakhala kuti mafuta auma basi. Chachiwiri ndi kuipereka kwa wokonza pakhonde la sitolo osamuuza malire. Pofuna kukondweretsa kasitomala, iye akhoza kuipala, kusintha mivi, ngakhale kuchotsa makina onse n'kuikamo a batire. Ikabwera ikuyenda komanso ikuwala, koma ya agogo ija yapita.

Wokonza auzidwe kuti angotsuka ndi kuthira mafuta, ndipo chilichonse chomwe wachotsa, ngakhale galasi lokalika, abweze m'kapepala. Nambala zomwe zili pawotchiyo zilembedwe m'kope asanaitenge. Ndipo ngati alipo wamkulu amene akukumbukira komwe idagulidwa, chaka chake ndi yemwe ankaivala, ana akhale naye pansi alembe zimenezo akadali moyo.