Ng'ombe ilibe mlandu, chotsani steki mu air fryer

Mwezi watha mnzanga wina amene anamaliza maphunziro chaka chatha anatiitana kwawo ku Area 25 ku Lilongwe. Anapeza ntchito, ndipo malipiro ake achiwiri anagulira air fryer. Tsikulo anagula kilo ya steki kubutchala, n'kutsegula vidiyo ya pa YouTube momwe bambo wina wa ku America amalamula kuti madigiri 400, mphindi zisanu mbali iyi, zisanu mbali inayo. Tinadikira malovu ali m'kamwa. Chimene chinatuluka m'kabasiketi kaja chinali chotuwa ngati bulangete lakale, ndipo kutafuna kwake nsagwada zinachita kuwawa. Tinadya chifukwa nsima inali itapsa kale. Pomaliza mwini nyumba anasamba m'manja n'kunena kuti, "Amwene, nyama ya kuno ndi yachabechabe."

Mawu amenewa anandipweteka kuposa nsagwada zija. Munthu wawononga yekha nyama ya ndalama zimene ine ndingadyere masana sabata yonse pasukulu, kenako mlandu akuupereka kwa ng'ombe. Ndikukana. Steki ya kubutchala kwathu kuno sikuyenera kulowa mu air fryer, ndipo amene akukulimbikitsani kutero pa TikTok sanaionepo n'komwe nyama imene mumagula.

Tiyambe ndi makinawo. Dzina lake limanamiza. Air fryer sikazinga kanthu. Ndi kauvuni kakang'ono, kokhala ndi waya wotentha pamwamba ndi fani yomwe imazunguza mpweya wotenthawo. Kampani ya Philips inaionetsa koyamba mu 2010 ku Berlin, ndipo chimene ankanyadira chinali tchipisi cha mafuta ochepa. Ma air fryer ambiri amalekezera pa madigiri 200 a Celsius. Madigiri 400 a mu vidiyo aja ndi a Fahrenheit, omwe ndi pafupifupi 200 yomweyo.

Tsono chimene chimakometsa steki ndi kakhungu kofiirira kakunja kaja, kamene fungo lake limakuitanani muli kutsidya la msewu. Kamapangika mapuloteni ndi shuga za mu nyama zikakumana ndi moto waukulu. Katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, anafotokoza zimenezi mu 1912. Zimachitika mwachangu kunja kwa nyama kukafika madigiri 140 kupita m'mwamba. Koma madzi amawira pa 100, ndipo nyama ikadali yonyowa kunja singadutse pamenepo. Chitsulo chotentha chimaumitsa chinyezicho m'kanthawi kochepa chifukwa chakhudzana ndi nyama. Mpweya umachedwa. Mukudziwa nokha kuti mungapisitse dzanja mu uvuni yotentha kwa kamphindi osapsa, koma simungayerekeze kukhudza felempani ya pamoto. Ndiye pamene mpweya uja ukulimbana ndi chinyezi chakunja, m'kati mwa nyama mwapsa kale, mwadutsa madigiri 63 omwe steki imakhala yakupsa koma yofewa, ndipo msuzi wonse wadonthera pansi pa kabasiketi.

Nanga bwanji ya mu vidiyo imaoneka bwino? Yang'anitsitsani nyama yake. Ndi yochindikala masentimita atatu kapena kuposa, ndiye m'kati mumachedwa kupsa. Ili ndi timizere ta mafuta m'kati mwa mnofu, chifukwa ng'ombe zambiri za ku America zimanenepetsedwa ndi chimanga m'makola miyezi yomaliza. Ikaphedwa, nyamayo imakhala m'malo ozizira masiku angapo, kawirikawiri sabata ziwiri kapena kuposa, kuti ifewe. Yathu ndi ina. Zebu wa kumudzi amadya msipu, amayenda mtunda kukamwa kudambo, ndipo nthawi zambiri amagulitsidwa atakula. Waphedwa m'mawa, masana ali pa mbedza, ndipo wogulitsa amakudulirani mopyapyala. Nyama yotere mafuta ndi ochepa, mitsempha ndi yambiri, koma kukoma kwake sikunama. Kuiika mu mpweya wotentha kwa mphindi khumi ndi kuiyanika, ngati mukukonza nyama yofutsa.

Chondikwiyitsa n'choti nzeru yoiphikira tili nayo kale, ndipo timaidutsa tsiku lililonse. Imani pa chiwaya muone. Bambo wa kanyenya amadula tizidutswa ting'onoting'ono, amatiponya pakati pomwe chitsulo chatentha kwambiri, kenako amatikankhira m'mbali. Amayi kunyumba nyama yolimba amayamba aiwiritsa pang'onopang'ono mpaka madzi aphwe, mitsempha isungunuke, kenako n'kuikazinga. Agogo ankaikulunga m'masamba a papaya, ndipo sayansi imavomereza: mu papaya muli papain, amene amafewetsa mnofu. Ife taphunzira mpaka kuyunivesite kuti tikakhulupirire mlendo wa pa foni kuposa anthu amene aphika ng'ombe imeneyi moyo wawo wonse?

Ndikudziwa zimene muyankhe. Ena mukuti air fryer imatipulumutsa ku makala. Mfundo imeneyi ndimailemekeza, chifukwa aliyense amene waona njinga za makala zikulowa mu Lilongwe kuchokera ku Dzalanyama akudziwa kumene nkhalango ikupita. Koma sindikukutumani kukagula mbaula. Felempani yochindikala pa hotipuleti imagwiritsa ntchito magetsi omwewo, ndipo steki yopyapyala imapsa pa mphindi ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse.

Ena mukuti mafuta. Steki pa felempani imafuna supuni imodzi, osati botolo. Ena mukuti utsi, chipinda n'chimodzi, zovala zili pomwepo, alandilodi amadandaula. Apa ndiye mwanena zoona, ndipo ndilibe yankho lina koma kutsegula windo. Mukasankha kupewa utsi, sankhani mukudziwa kuti mwagulitsa kukoma, ndipo musabwere kudzatukwana ng'ombe.

Sindikudana ndi makinawa. Nditapeza ntchito mwina ndidzagula. Mapiko a nkhuku amatuluka bwino chifukwa khungu lake lili ndi mafuta akeake. Tchipisi, mbatata, soseji, samusa wa dzulo, zonsezi ndi ntchito yake. Ya mawati 1,500 ikayaka mphindi 15 sidya ngakhale theka la yuniti, ndiye kwa munthu wokhala yekha ndi yabwino kuposa kuyatsa uvuni yaikulu. Koma chida chilichonse chili ndi malire. Khasu ndi labwino, koma sitimetera.

Vuto lenileni ndi khalidwe limene tikulitenga tikangolandira digiri. Chinthu chikakanika, sitifunsa ngati malangizo aja analembera ife. Timathamangira kunena kuti zakwathu n'zosalongosoka. Mnzanga uja tsopano akuti azikagula nyama ya m'mapaketi kusitolo zikuluzikulu, yodula kwambiri, kuti igwirizane ndi makina ake. Taonani pamene tafika: m'malo mosankha chophikira choyenera nyama, tikusintha nyama kuti tisangalatse chophikira. Bambo wa kubutchala wa m'dera lake wataya kasitomala pa mlandu umene sanapalamule.

Mukagula steki Loweruka likubwerali, chitani izi. Pemphani fileti ngati thumba likulola. Ipukuteni iume, thirani mchere, tenthetsani felempani mpaka mafuta ayambe kufuka pang'ono, ikani nyama ndipo musaigwedeze mpaka ifiire. Mukaphula, idikireni mphindi zitatu kapena zisanu, kenako muidule mopingasa mitsempha. Ngati mwapeza yolimba, musalimbane nayo, iwiritseni ndi anyezi ndi tomato monga amachitira amayi. Air fryer ipatseni tchipisi.

Amwene a ku Area 25, ndikudziwa muwerenga. Mwezi ukatha gulaninso kilo ina kubutchala komweko. Felempani ndibweretsa ine.