Wokwera njinga si mlendo pamsewu

Mwezi watha mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa ulimi wa ndiwo zamasamba anadzandiona atamangidwa bandeji kudzanja. Tsiku lina m'bandakucha ankapalasa njinga pamsewu wa Mumbwa, atanyamula mabokosi awiri a matimati kupita kumsika wa Soweto. Atafika cha ku Kanyama, minibasi inakhotera m'mbali mwadzidzidzi kukatenga munthu, ndipo inamugwetsera m'ngalande. Dalaivala anamufumbatitsa timakwacha tochepa kuti nkhani ithere pomwepo, iye n'kulandira. Nditamufunsa chifukwa chake, anati: “Aphunzitsi, msewu ndi wa magalimoto. Ndikanakadandaula kwa yani?”

Yankho limeneli linandipweteka kuposa matimati amene anaphwanyika. Alimi ambiri amene amadyetsa anthu a ku Matero, George, Chawama ndi Mtendere amadalira njinga. Repu, chibwabwa, mazira ndi nkhuku zimalowa m'makomboni zili pakaliyala dzuwa lisanatuluke. Komabe anthu amenewa amayenda ngati opempha njira m'munda wa eni.

Lamulo la dziko lino silitero. Malamulo a pamsewu a Highway Code amawerengera wokwera njinga pamodzi ndi onse ogwiritsa ntchito msewu. Lamulo la Road Traffic Act la 2002, limene linakhazikitsanso bungwe la RTSA, limafuna kuti dalaivala amene wachita ngozi aime ndi kuti ngozi yovulaza munthu idziwitsidwe kupolisi. Limafunanso kuti galimoto iliyonse ikhale ndi inshuwalansi yolipira munthu wina amene yamuvulaza. Munthu winayo angakhale inu, mlimi wa panjinga.

Choncho ngozi ikachitika, musagulitse ufulu wanu m'mbali mwa msewu. Lembani nambala ya galimotoyo kapena ijambuleni pafoni. Pemphani manambala a foni a anthu awiri amene anaona. Pitani kupolisi tsiku lomwelo, mutenge fomu yoti dokotala alembepo mmene mwavulalira, ndipo musunge malisiti onse a chipatala ndi okonzetsera njinga. Popanda mapepala amenewa, kampani ya inshuwalansi sidzakumverani. Ngati mulibe ndalama za loya, bungwe la Legal Aid Board linakhazikitsidwira anthu ngati inu. Ululu wa msana nthawi zina umayamba patapita masiku, ndalama za m'manja zija zitatha kale, ndipo amene sangathe kugwira khasu amataya nyengo yonse ya dzinja.

Koma ufulu uli ndi udindo wake, ndipo pano ifenso timalakwa. Ku Zambia timayenda kumanzere. Kupalasa moyang'anizana ndi magalimoto sikuteteza munthu ayi. Njinga yonyamuka usiku ikhale ndi nyali yoyera kutsogolo ndi chonyezimira chofiira kumbuyo, ndipo jekete lonyezimira ndi lotsika mtengo kuposa bokosi limodzi la matimati. Mabuleki onse awiri azigwira, chifukwa katundu wolemera amatalikitsa mtunda woimira. Musamange katundu wotambalala kwambiri. Kwezani dzanja musanakhote. Musagwirire kumbuyo kwa lole pachitunda, ndiponso musaime kumanzere kwake pamphambano za msewu wa Lumumba kapena wa Kafue, pakuti dalaivala wake sakuonani ndipo matayala akumbuyo amadula ngodya pokhota.

Kwa madalaivala ndili ndi pempho limodzi. M'nyengo ya mvula madzi amadzaza m'mbali mwa misewu ya ku Kanyama ndi kubisa maenje, motero wanjinga amakakamizika kulowera m'kati. Sachita mwano, akuthawa dzenje. Chepetsani liwiro, mupatseni mpata wokwanira, ndipo yang'anani kumbuyo musanatsegule chitseko. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Bungwe la WHO likuti ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka padziko lonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga ndi apanjinga zamoto. M'chaka cha 2019 boma lathu linatulutsa ndondomeko yosamalira oyenda pansi ndi okwera njinga. Tili ndi ufulu wofunsa makhansala athu kuti njira zanjinga zidzafika liti m'makomboni.

Mnyamata uja sanalembe nambala ya minibasi, ndipo mlandu wake unathera m'ngalande muja. Kuyambira chigawo chino, phunziro langa la kugulitsa zokolola liziyamba ndi ulendo wa kumsika.