Digiri ya uinjiniya ikutilonjeza chiyani?

Mwana akatha zaka zisanu pa yunivesite n'kulandira digiri ya uinjiniya wa zomangamanga, pepalalo limatsimikiza chiyani? Kuti anakhala m'kalasi maola okwanira, kapena kuti tingamupatse mlatho n'kugona tulo?

Mgwirizano wa Washington Accord, womwe unayamba mu 1989, masiku ano umayeza maphunziro a uinjiniya poona zimene womaliza sukulu angathe kuchita. South Africa inalowamo mu 1999 kudzera m'bungwe lake la mainjiniya la ECSA. Nanga ife tikudikira chiyani?

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, magetsi n'kumazimazima miyezi yambirimbiri. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Sitikuloza chala mainjiniya ayi, mvula imeneija inali yoopsa. Koma wophunzira akamawerengera kukula kwa kalavati, akugwiritsa ntchito mvula ya zaka ziti? Dothi la makande la ku Chikwawa, lomwe limafufuma dzinja n'kung'aluka chilimwe, analigwirapo ndi manja kapena anangoliona m'buku?

Tiyeni pa saiti. Konkire ikusakanizidwa, kapitawo wawonjezera ndowa ziwiri za madzi kuti isavute kuthira. Injiniya wathu wachinyamata akudziwa kuti madziwo akuchepetsa mphamvu ya konkireyo. Kodi amatha kutapako pang'ono, kuumba timabokosi toyesera, kudikira masiku 28 n'kukatiphwanya pa makina? Zotsatira zikalephera, ali nacho chifuwa chouza kontrakitala wamsinkhu wa bambo ake kuti "gumulani"? Mayeso a maola atatu papepala angayeze zimenezi?

Chimene tikuopa n'chakuti kusintha maphunziro athu kuti aziyeza luso kungathere pa mitu ya silabasi. N'chapafupi kulemba kuti "pomaliza phunziroli wophunzira adzatha kuchita chakutichakuti", koma manotsi akadali omwewo, mafunso a mayeso omwewo. Adzatha bwanji ngati makina a mu labu akuchepa, ndipo kumene wapita kukaphunzira ntchito akungomutuma fotokope? Apa makampani omanga nawonso asadziyeretse: amadandaula kuti ana a masiku ano sadziwa ntchito, koma ndi angati amawatsegulira geti?

A bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE, a Malawi Engineering Institution ndi a yunivesite ya MUBAS, khalani pansi mulembe poyera luso limene injiniya aliyense ayenera kuonetsa asanavale gauni, ndi yemwe adzamuyese. Ndipo boma liike ndalama za malabu mu bajeti.