Chipsera chilipo, pepala palibe

Ku America, msilikali amene wavulazidwa ndi adani pankhondo amalandira mendulo yotchedwa Purple Heart. Ndi kamtima ka mtundu wa pepo kokhala ndi nkhope ya George Washington, yemwe anayambitsa chizindikiro chomwe ndi kholo la menduloyi mu 1782. Chinaiwalika kwa zaka zambiri mpaka mkulu wa asilikali Douglas MacArthur anachidzutsa mu 1932. Kuti munthu ailandire safunika kuchita zodabwitsa kapena kukondedwa ndi bwana wake. Zofunika ndi zitatu: bala likhale lochokera kwa adani, likhale loti linafuna chithandizo cha dokotala, ndipo chithandizocho chikhale cholembedwa m'mabuku a asilikali. Chachitatuchi ndicho chagwetsa mphwayi ankhondo akale ambiri, ndipo ife tikuti boma likuwalakwira.

Pankhondo zinthu siziyenda ngati mu ofesi. Kachidutswa ka bomba kakalowa m'ntchafu, wachipatala wa gululo amakazula, n'kumanga bandeji, n'kuthamangira wina amene akutha magazi. Cholembera sachikumbuka n'komwe. Wovulalayo naye, poti ndi mnyamata, amakana kunyamulidwa kuopa kusiya anzake pamoto. Tsiku lotsika ntchito amapatsidwa chikalata chotchedwa DD-214, pomwe pamalembedwa zaka zimene wagwira ndi mamendulo ake. Amasaina osawerenga chifukwa mtima uli kale kwawo. Papita zaka makumi anayi, mwendo wayamba kukoka, zidzukulu zikufunsa za chipseracho, ndiye apeza kuti m'mabuku a boma iye sanavulalepo.

Njira yodandaulira ilipo. Kuyambira mu 1946 lamulo linalola nthambi za asilikali kukhala ndi mabungwe okonza zolakwika m'mafayilo, kuti munthu asamachite kukagwada kwa aphungu a Congress pa nkhani yake yekha. La asilikali apamtunda limatchedwa Army Board for Correction of Military Records, ndipo oweruza ake ndi akuluakulu a m'boma omwe si asilikali. Wodandaula amalemba fomu ya DD 149 n'kumatikapo umboni wake. Lamulo limati adandaule pasanathe zaka zitatu chidziwireni cholakwikacho, koma bungwe likhoza kumumvera ngakhale atachedwa ngati chilungamo chikufuna kutero. Apa tiwayamikire, akudziwa kuti mlandu suola.

Vuto lili poyambira penipeni. Bungweli limayamba ndi kukhulupirira kuti zimene boma linalemba n'zolondola, ndipo wodandaula ndiye ayenera kuonetsa kuti zinalakwika. Nthawi zambiri samuitana n'komwe kuti adzamve mawu ake kapena kuona chipseracho. Amaweruza pa mapepala okhaokha. Ndiye yankho limabwera lakuti m'fayilo mulibe cholembedwa cha dokotala. Koma limenelo ndilo dandaulo lake lomwe! Munthu akuti simunalembe, inu mukumuyankha kuti sitingakuthandize chifukwa sitinalembe.

Ndipo boma silinangoiwala kulemba, linatayanso zimene linalemba. Pa 12 July 1973 moto unabuka m'nyumba yosungira mafayilo a asilikali ya National Personnel Records Center ku St. Louis, m'chigawo cha Missouri. Mafayilo pakati pa 16 ndi 18 miliyoni anapsa. Mwa asilikali apamtunda amene anatsika ntchito pakati pa 1912 ndi 1960, pafupifupi 80 mwa 100 alionse mafayilo awo anathera pomwepo. Amenewa ndi anthu a nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse komanso ya ku Korea. Panalibe makope ena, panalibe zojambulidwa pa filimu. Mpaka lero ogwira ntchito kumeneko amasanthula mapepala owauka m'mbali ndi omatana chifukwa cha madzi ozimitsira motowo, n'kumalumikiza mbiri ya munthu kuchokera m'malipoti a m'mawa a gulu lake, m'mapepala a malipiro ndi m'makhadi ogonekera odwala. Nanga gogo amene anamenya nkhondo ku Korea ndipo fayilo yake inasanduka phulusa m'nyumba ya boma, tingamufunse bwanji kuti abweretse pepala?

Wina anganene kuti izi n'zakale, masiku ano zonse zili pa kompyuta. Ayi. Pa 8 January 2020 dziko la Iran linaponya mizinga pa malo a asilikali a Al Asad ku Iraq. Palibe wa ku America anafa, koma oposa 100 anapezeka kuti avulala ubongo chifukwa cha kugwedezeka kwa mabombawo. Pulezidenti Donald Trump anapeputsa nkhaniyo, nati wamva kuti anthuwo akungomva mutu. Chaka chimenecho mamendulo 29 ndiwo anavomerezedwa. Ena 39 anadzavomerezedwa mu December 2021, wailesi ya kanema ya CBS itaulutsa madandaulo a asilikaliwo. Malamulo ovomereza bala la mtundu umenewu analipo kale kuyambira mu 2011. Chimene chinasowa ndi mtima wa akuluakulu.

Tisaganize kuti anthuwa akulimbirana kachitsulo kongokongoletsa chifuwa. Mwini Purple Heart amaikidwa m'gulu lothandizidwa msanga m'zipatala za ankhondo akale. Kuchokera pa lamulo la mu 2017, amene anavulala kuyambira pa 11 September 2001 amalipiridwa maphunziro mokwanira ngakhale atakhala kuti sanagwire ntchito nthawi yaitali. Mzere umodzi ukasowa pa DD-214, banja lonse limaumva.

Tikudziwa kuti abodza alipo. Alipo anthu amene sanamveko fungo la wonga koma amadzitcha ngwazi kuti apeze ndalama, ndipo n'chifukwa chake America inakhazikitsa lamulo la Stolen Valor Act mu 2013. Mendulo yoperekedwa kwa aliyense wolira siikhalanso mendulo. Komabe wabodza amagwidwa ndi kufufuza. Gulu lake linali kuti tsiku limenelo? Kodi kunalidi kuwomberana? Anzake awiri kapena atatu amene analipo akulumbira chiyani? Nanga X-ray ikuonetsa chitsulo m'thupimo? Zimenezi zikagwirizana, kusowa kwa pepala la dokotala kusakhale chifukwa chomukanira. Ndipo ntchito yofukula mabuku a gululo aigwire ndi boma, poti ndilo lili ndi makiyi a nkhokwe zake. Kumusiyira nkhalamba ya zaka 80 kuti izilemba makalata uku ndi uku n'kungodikira kuti imwalire nkhani ithe.

Kwathu kuno nkhani ya asilikali osalembedwa si yachilendo. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ambiri a iwo a mu Africa muno ndi ku Middle East, sanakumbukiridwe ndi mayina awo, ndipo nduna ya zachitetezo ya Britain, Ben Wallace, inapepesa. Makolo athu a King's African Rifles ndi amtengatenga anali m'nkhondo yomweyo. M'zaka za posachedwapa ana athu a usilikali akhala akupita ku Democratic Republic of Congo. Dzina la msilikali wathu Chancy Chitete, amene anafa mu November 2018 kufupi ndi Beni akupulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania, lidzakhalapo chifukwa United Nations inamupatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne mu 2019. Pankhondo yomweyo ena anavulala n'kubwerako amoyo, ndipo iwowa tsogolo lawo lagona pa zimene zinalembedwa m'mafayilo awo.

Choncho tikupempha akuluakulu a Malawi Defence Force ndi komiti ya zachitetezo ya Nyumba ya Malamulo kuti bala lililonse la msilikali lizilembedwa tsiku lomwelo, makope azisungidwa malo oposa amodzi, ndipo mwini wake azipatsidwa lake m'manja asanatsike ntchito. Inu asilikali, musasaine chikalata chotsikira ntchito musanachiwerenge mzere ndi mzere, ndipo mayina a anzanu amene anaona kuvulala kwanu muwalembe lero akadali moyo.