Ana tikuwathamangitsa ku PS, nanga kandege?

Pali dandaulo limene lafala masiku ano m'misika ya m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, kuyambira pa Mpingu, pa Msundwe mpaka pa Namitete, ndipo ukapatuka kulowera ku Nsaru kaya ku Kabudula ukalipezanso. Makolo ndi aphunzitsi akuti ana aonongeka ndi magemu. Ati mwana akachoka pakhomo m'mawa atavala yunifolomu, sukulu yake ikukathera m'kachipinda ka kuseri kwa golosale m'mene muli TV, makina a PlayStation ndi benchi. Ena afika ponena kuti mafumu angotseka tizipinda timeneti, nkhani ithe.

Dandauloli ndi lomveka ndipo sindikulinyoza ayi. Koma ine ndikuona kuti ukali wathu wonse tauthira pa gemu yolakwika. Gemu imene ikudya ndalama za anthu pa Msundwe ili m'thumba, pafoni, ndipo akuisewera ndi ana ndi akulu omwe. Dzina lake ndi Aviator, ambirife timangoti kandege.

Tiyambe ndi za m'kachipinda muja, poti ambiri amene akukalipa sanalowemo n'kamodzi komwe. Makina amene mungawapezemo nthawi zambiri ndi akale, ogwiritsidwapo ntchito, obwera ndi abale a ku Joni kapena ogulidwa m'tauni ku Lilongwe. PlayStation 2 inatuluka mu 2000, PlayStation 3 mu 2006, PlayStation 4 mu 2013. Kwa eni ake ku Japan ndi zinthu zoti anaziiwala kale, koma kuno ndi mpamba wa bizinesi, monga m'mene zilili njinga ya kabaza kapena chiwaya cha tchipisi. Anyamata awiri amalipira, aliyense n'kugwira padi yake, enawo n'kumaonerera akudikira kuti wogonja adzuke.

Mfumu ya magemu onse ndi mpira. Ana amangoti FIFA, ngakhale kampani ya EA Sports, imene inayamba kupanga gemuyi mu 1993, inasiyana ndi bungwe la FIFA ndipo kuyambira mu 2023 ikuitcha EA Sports FC. Mnzake ndi PES ya kampani ya Konami, imene inasintha dzina mu 2021 kukhala eFootball. Pambuyo pa mpira pamabwera zankhonya monga Mortal Kombat, kenako GTA San Andreas ya mu 2004, imene yakana kukalamba. Amene ali ndi foni yabwinoko ndi bandulo amasewera Dream League Soccer, Free Fire kapena PUBG.

Tsono n'chifukwa chiyani ana amasonkhana m'chipinda chimodzi chonchi? Yankho lili pa mawaya a magetsi. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno ndi zimene zinkaunikira magetsi, ndipo zambiri mwa izo zinali za m'tauni. Mwana wa kwa Kabudula alibe poti n'kulumikiza PlayStation kwawo, ngakhale wina atamupatsa yaulere. Choncho gemu imene mwana wa ku London amasewera yekha atadzitsekera kuchipinda, kuno imaseweredwa pagulu, anthu akuseka, kunyogodolana ndi kuwerengerana zigoli. Sizikusiyana kwenikweni ndi madoda amene amaunjirira bawo pansi pa mtengo, mmodzi akutakata enawo akumuuza nzeru zimene sanapemphe.

Ngakhale magemu amene wosewera amasanduka munthu wina, amene eni ake amawatcha RPG, si achilendo kwa ife. Ku America amawerengera chiyambi chake pa Dungeons & Dragons ya mu 1974, imene anthu amasewera patebulo ndi mapepala. Ife tinali kale ndi masanje. Tikatha kukolola tinkamanga tinyumba ta mapesi, wina n'kukhala bambo, wina mayi, wina mfumu, ndipo pamayenera kupezeka fisi wodzaba ndiwo. Atsikana ankaphika nsima yeniyeni ya chimanga chokunkha. Chilakolako choti mwana akhaleko munthu wina kwa maola awiri ndi chakale ngati mudzi womwe.

Komatu apa ndi pamene makolo ali ndi mfundo. M'masanje mwana ankayeserera udindo umene adzaugwire akadzakula, ndipo fisi akabwera mudzi wonse unkamuthamangitsa. Mu GTA San Andreas mwana amasanduka CJ, mnyamata amene wabwerera kwawo ku Los Santos amayi ake ataphedwa. Amadya, amagula zovala, amanyamula zitsulo, komanso amaba magalimoto ndi kuwombera anthu. Kunena mwachidule, fisi uja tsopano ndi wosewerayo. Ndiye chifukwa chake pa chikuto cha gemuyi pamalembedwa 18, chimodzimodzi pa Mortal Kombat za masiku ano. Mwini chipinda amene amapatsa padi mwana wa Sitandade 4 kuti asewere zimenezi akulakwa, ndipo amene amatsegula chitseko belu la sukulu litangolira akulakwa kawiri.

Nalo bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuti kukomedwa ndi magemu kutha kufika pokhala matenda. Koma linaika malire omveka: munthu akhale kuti akulephera kudziletsa, waika gemu patsogolo pa sukulu, ntchito ndi chakudya, ndipo akupitirizabe ngakhale akuona kuti zikumupweteka, kwa miyezi ngati 12. Linanenanso kuti ofika pamenepa ndi ochepa mwa osewera. Mwana woti wasewera mpira wa pa TV Loweruka masana sadwala, amangwetu.

Chinthu chachikulu pa chipinda cha PS n'chakuti chimaoneka. Chili ndi chitseko, chili ndi mwini wake amene tonse tikumudziwa, amayi ake timapemphera nawo. Mtengo wa gemu umadziwika usanakhale pansi. Ukagonja umadzuka, ndalama imene wataya ndi yomwe unalipira ija basi. Ndipo ndalamayo imazungulira pa Msundwe pomwepo: ya lendi, ya mafuta a jenereta, ya mandasi a mayi wa pakhomopo.

Tsopano tiyeni tione kandege. Gemuyi inapangidwa ndi kampani yakunja yotchedwa Spribe ndipo inatuluka mu 2019. Kuno imafika kudzera m'makampani a juga a pa intaneti, ndipo ndalama umalowetsa ndi Airtel Money kapena Mpamba. Kaseweredwe kake n'kosavuta. Umaponya ndalama, kandege kofiira n'kunyamuka, nambala n'kumakwera: 1.2, 1.5, 2, nthawi zina mpaka 50. Ukadina kandegeko kasanathawe, ndalama yako imachulukitsidwa ndi nambala imene yafikayo. Ukachedwa, zonse zapita. Pakapita timasekondi tochepa kena kanyamukanso.

Taonani m'mene anakavekera. Kali ndi mitundu yowala ngati gemu ya ana, kali ndi batani lodina, pambali pakuoneka anthu ena amene akuti apata. Munthu umamva ngati ukugwiritsa ntchito luso la zala monga pa FIFA. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa FIFA ukalimbikira umadziwa, ndipo mawa umamugonjetsa amene anakugonjetsa dzulo. Pa kandege palibe choti n'kuphunzira, chifukwa pamene kathawire pamasankhidwa ndi kompyuta mwachisawawa, ndipo ulendo uliwonse sukumbukira unzake.

Ine yunivesite sindinafike nayo kumapeto, koma masamu a apa safuna digiri. Eni ake a gemuyi amanena poyera kuti imabweza 97 pa 100. Tanthauzo lake n'lakuti pa K100 iliyonse imene anthu onse pamodzi aponya, K97 imabwerera kwa osewera, K3 imatsala. Wina ati K3 n'chiyani? Vuto n'lakuti palibe amene amaponya kamodzi n'kukagona. Tinene kuti mnyamata wa kabaza akuponya K500 ulendo uliwonse, ndipo podikira makasitomala waponya maulendo 200 tsiku lonse, kubwezeramo zimene wapata. Ndalama imene yadutsa pa batani lija ndi K100,000. Zitatu pa 100 za ndalamayi ndi K3,000. Ndiyo imene masamu akuti azitaya pa tsiku lotere mukatenga masiku abwino ndi oipa pamodzi. Pa mwezi muwerengere nokha.

Masamu omwewo akunenanso kuti mwayi woti kandege kafike pa 2 sukwana theka. Woti kafike pa 10 sukwana maulendo 10 pa 100, ndipo woti kafike pa 100 sukwana ulendo umodzi pa 100. Kaya udine msanga kaya udikire, kaya usewere usiku kaya m'bandakucha, gawo la kampani silisuntha. Anthu amene akugulitsa pa WhatsApp ndi pa Facebook tinthu toti timalosera pamene kandege kathawire ndi akathyali basi. Munthu wodziwadi zimenezo angavutikirenji kukupemphani K5,000? Akanangokhala phee n'kumadya yekha.

Ndipo tonse timamva za amene wapata. Amajambula foni yake n'kutumizira aliyense, madzulo n'kugulira anzake kanyenya. Amene wataya ndalama ya soya kapena ya mtedza salengeza. Amangofika kunyumba n'kunena kuti mavenda anamubera pa sikelo. Wa ku koleji amene wadyetsa kandege ndalama ya lendi amaimbira makolo kuti aphunzitsi akufuna buku lina. Inu amalonda mukudziwa anzanu amene benchi yawo inayamba kuchepa katundu pang'onopang'ono popanda wakuba kapena moto.

N'chifukwa chiyani anthu anzeru zawo akugweramo? Mayankho ena ali m'thumba lomwelo. Ndalama ya kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya feteleza, sopo ndi shuga inatsatira. Kalembera uja anapezanso kuti theka la a Malawi linali la ana osafika zaka 18, ndipo chaka ndi chaka khamu la iwo likumaliza sukulu n'kupeza ntchito kulibe. Anyamata a pa Msundwe dziko lonse linawadziwa mu 2019, nthawi ya zionetsero zokana zotsatira za chisankho, mpaka malowa anapatsidwa dzina loti Msundwe Barracks. Zionetsero zinatha, andale anapita, anyamata aja anatsala pompo ndi mafoni awo. Munthu amene akuona kuti ngakhale atapalasa njinga zaka khumi sadzagula malata, K500 yoti mwina isanduka K50,000 imamveka ngati nzeru.

Wina anena kuti magemu a pa TV ndiwo khomo lolowera ku juga. Pali choonadi pang'ono pamenepa. Mu FIFA ya pa intaneti muli gawo la Ultimate Team, m'mene munthu amagula phukusi la osewera osadziwa kuti mutuluka ndani. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti maphukusi otere ndi juga, ndipo mu 2019 kampani ya EA inasiya kugulitsa ndalama zogulira maphukusiwo m'dzikomo. Kwathu kuno khomo lake ndi lina: ndi pamene anyamata ayamba kuikirana ndalama pa gemu ya m'chipinda muja, wopambana atenge zonse. Mwini chipinda wanzeru asalole zimenezo, chifukwa tsiku limene zidzabale ndeu ndi iyeyo amene adzagone ku polisi.

Malamulo alipo. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la za juga, limene linabala bungwe la MAGLA, ndipo munthu wosafika zaka 18 saloledwa kutchova juga. Pa shopu ya kubetcha mlonda atha kubweza mwana pakhomo. Nanga pa foni ya amayi, yolembetsedwa ndi chiphaso cha amayi, imene mwana wabwereka kuti aonere homuweki, wobweza ndani? Apa ndi pamene MAGLA iyenera kutuluka m'maofesi. Ikakamize makampani kulemba m'Chichewa, ndi zilembo zazikulu, kuti pa K100 iliyonse kampani imatsala ndi zingati, ndiponso kuti munthu athe kudziikira malire a ndalama zimene angalowetse pa tsiku. Malonda a juga amene akumveka pa wailesi nthawi ya mpira, ana ali tcheru, nawonso ayenera kuunikidwa.

Za tizipinda ta PS sizifuna Nyumba ya Malamulo. Komiti ya msika, mafumu, aphunzitsi aakulu ndi eni tizipindati atha kukhala pansi tsiku limodzi n'kugwirizana: wa yunifolomu asalowe nthawi ya sukulu, magemu olembedwa 18 asapatsidwe kwa ana, kubetcherana kusakhalepo, ndipo pofika nthawi yakuti usiku chitseko chitsekedwe. Wophwanya alipe, akabwereza achoke pamsika. Mpikisano wa FIFA wa pa holide, wa Msundwe ndi Namitete, mphotho yake makope ndi mpira weniweni, ungachite zambiri kuposa chikwapu. Ndipo mnyamata amene amatsegula padi yakufa ndi kampeni n'kuidzutsa, ameneyo musamutukwane. Mulozereni njira ya ku Namitete Technical College.

Mukatseka chipinda chija lero, ana sabwerera ku masanje. Apita pa foni, kuseri kwa nyumba, kumene kulibe mwini chipinda woti n'kumudzudzula. Tsono inu bambo amene mukukonzeka kukakoka mwana khutu ku PS madzulo ano, musananyamuke tayambani mwatsegula foni yanu, muwerenge mauthenga a Mpamba ndi Airtel Money a mwezi uno. Mukapeza kuti ndalama imene kandege kadya ikuposa imene mwana wataya pa FIFA chaka chonse, mudziwa khutu loyamba kukokedwa ndi la ndani.